Ramen Pamaso pa Apongozi

Lolemba, 12 Malichi 2007

Zatsimikizika. Loweruka ndikukaonekera kwa amayi ake a Tadala.

Tadala akuti ndingopita kwawo ku Croydon, tikamwe tiyi, basi. Ndakana. Tiyi ndi wa abusa ndi anthu odzapepesa maliro. Ine ndikufuna mkazi, ndipo Tadala ananeneratu kalekale kuti popanda mawu a aNaphiri, mayi ake, ukwati palibe. Anawalera okha anawa bambo awo atamwalira, ndiye sangawalumphe.

Vuto ndi ili. Banja limeneli linathawa kumudzi nthawi ya ndale zoopsa zija, Tadala asanabadwe. Zaka makumi atatu ali kuno. Chingerezi cha ana awo chimatulukira m'mphuno. Mkulu wake wa Tadala anakwatiwa ndi mzungu, Graham, munthu woti akanunkhiza vinyo amakuuza phiri lomwe mphesa zake zinamera. Ndiye nditulukire ine, namwino wa ku wodi ya okalamba ku Romford, mwana wa ku Linthipe, amene nditakwera ndege koyamba ndinasunga kapepala ka shuga ngati chikumbutso. Akangondiona kuti ndine wakumudzi, zanga zada.

Choncho ndawaitana ine. Osati ku Peckham kokadya mpunga wa anzathu a ku Nigeria. Ku izakaya! Ndinamva dokotala wina akuuza mnzake kuti ndi malo a Chijapani, pakati pa tawuni, komwe chakudya chimabwera m'timbale ting'onoting'ono, kenako n'kumalizira ramen. Ramen sindikumudziwa, koma dokotalayo potchula dzinali anatsinzina.

Dongosolo langa:
- kuphunzira kudya ndi timitengo
- kuloweza mayina a zakudya, ndikaitanitse osayang'ana papepala
- kuseka pang'onopang'ono, ngati munthu wozolowera
- osatchula mbewa

Mulenga, mnzanga wa ku Zambia yemwe ndimakhala naye nyumba imodzi, woyendetsa basi, wamva zonsezi ali chigonere pa sofa. "Mudala, uzafa na njala." Nsanje basi.

Lachiwiri, 13 Malichi

Timitengo ndilibe, ndiye mapensulo awiri ndi mbale ya mtedza. Njere imodzi yafika pakamwa. Zinazo zili pansi pa firiji, kuseri kwa chitofu, ina yagwera mu tiyi wa Mulenga ndipo sindinamuuze.

Kuntchito ndapita kwa Maricel, sisitala wathu wa ku Philippines, mwaulemu wonse, kuti andiphunzitse. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Akuti kwawo amadya ndi supuni ndi foloko, ndipo kodi ine ndili ndi nthawi yomuphunzitsa kuweta mikango? Ndapepesa. Wandipatsa mabedi a kumapeto, kuja kuli agogo oluma aja.

Zala zomwezi zimalowetsa singano mumtsempha wa nkhalamba, mtsempha woonda ngati ulusi, munthu osamva n'komwe. Koma njere ya mtedza yazikanika.

Madzulo Tadala pafoni. Iye amayankhula Chingerezi, ine Chichewa, ndipo timamvana bwino kuposa mabanja ambiri. Akuti amalume ake, a Phiri, mlongo wawo wa aNaphiri, abweranso. "It's just dinner, babe." Mwana wokulira kunja ameneyu. Chakudya chokhala ndi malume si chakudya, ndi bwalo la milandu.

Ndawonjezera nthawi ya mapensulo.

Lachitatu, 14 Malichi

Safunsa anadya phula. Ine ndafunsa, koma nditatafuna kale.

Ndalowa mu kashopu ka intaneti kuti ndiloweze mayina a zakudya aja. Mzere woyamba womwe ndawerenga: izakaya ndi malo omwera mowa. Timbale tija n'tongoperekezera mowa, anthu akaweruka kuntchito. Kwathu timangoti pa bawa pomwe pali kanyenya.

A Phiri ndi mkulu wa mpingo. ANaphiri amatsogolera amayi a kutchalitchi, a mabulawuzi oyera aja. Anthu amenewa ndikuwatengera ku bawa!

Ndaimbira Tadala kuti tisinthe malo. Akuti n'zosatheka, amayi auza kale anzawo onse kuti mnyamata wawaitanira ku chakudya cha Chijapani, ndipo ena ayamba kale kuchita kaduka. Kusintha pano n'kudzionetsa kuti ndine munthu wa mitima iwiri.

Ndaimbira eni malo kupempha tebulo lakutali ndi omwa. Lilipo, m'kachipinda ka m'kati. Koma ndi lalifupi, amakhala pansi, ndipo nsapato amavulira pakhomo. Ndavomera msanga, kenako ndakumbuka kuti bondo la a Phiri analichita opaleshoni chaka chatha.

Dongosolo latsopano:
- timitengo (zikuyenda pang'onopang'ono)
- kukhazika a Phiri chofulatira mabotolo
- mawu oti izakaya ndisawamasulire, ngakhale andifunse
- sokosi zatsopano
- mbewa, monga kale

Mulenga akuti akudziwa mayi wina ku Peckham amene amaphika chambo chouma bwino kwambiri, ndipo mipando yake ili ndi miyendo.

Lachinayi, 15 Malichi

Ndapita ndekha kukazonda malo, ngati aja anatumidwa ku Kanani. Nditaweruka masana, sitima mpaka Liverpool Street, kenako ya pansi pa nthaka. Ndavala shati yoyera ya Loweruka kuti ndiyeserere zonse.

Khomo lake n'laling'ono, lotchinga ndi kansalu. Ndangolowetsa mutu, antchito onse ndi ophika omwe akuwa pamodzi. Ndabwerera panja. Mtsikana woperekera zakudya wanditsatira kudzandiuza kuti umenewo ndi moni chabe. Moni wotere kwathu timapereka kwa wakuba.

Andikhazika pa kauntala. Kabwera kansalu konyowa, kotentha. Ndapukuta nkhope, khosi ndi kuseri kwa makutu. Kanali ka m'manja.

Zomwe zabwera:
- soya wosasenda, wowaza mchere. Ndatafuna ndi makoko omwe mpaka nsagwada kuwawa, kenako ndaona wa pambali panga akufinyira njere pakamwa n'kutaya makoko m'kambale kopanda kanthu kaja
- tisamusa tofewa, tokazinga mbali imodzi yokha, ngati wophika anaitanidwa pafoni
- nkhuku yotunga pa timitengo: khungu palokha, mitima payokha, nthutumba pazokha

Apa ndaseka ndekha. Ndawoloka nyanja, ndalemba mayeso, ndapirira chisanu cha kuno, kuti ndidzadye nthutumba za pa kamtengo ngati pa depoti ya basi ku Dedza! Kusiyana kwake n'kwakuti kuno wokupatsayo amawerama, ndipo ntchentche kulibe.

Kenako ramen. Mbale yakuya, msuzi woyera wa mafupa a nkhumba, zingwe zazitali za ufa wa tirigu, kanyama kofewa, theka la dzira losapsetsa pakati, ndi katsamba kakuda konunkhira nyanja. Ndilembe chilungamo, poti palibe akuwerenga: chibwerereni kuno sindinadyepo chinthu chondifika pamtima chotere. Msuzi umenewu wina wake anaudikirira tsiku lonse. Ndakumbuka mang'ina a mayi anga, aja ankawira kuyambira m'mawa ife tikuzungulira khitchini ngati agalu, ndipo msozi watsala pang'ono kugwera m'mbale.

Pambali panga bambo wa ku Japan, wa tayi, waulemu wake, akukoka zingwe zake ndi phokoso la mjigo wotha madzi. Kwathu ukatero pamphasa umalandira khofi. Kuno akuti ndi kuthokoza wophika. Ndayesa nane. Chingwe chandikwapula patsaya, msuzi wathera pa shati.

Koma timitengo tayamba kumva. Dzira lija ndalinyamula mpaka pakamwa osagwetsa, ndipo ndayang'ana uku ndi uku ngati alipo waona. Palibe.

Kumbuyo kwanga anyamata a masuti akuwombanitsa matambula a mowa n'kumakuwa. Loweruka pamenepa padzadutsa mkulu wa mpingo.

Lachisanu, 16 Malichi

Dzanja lamanja latupa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Maricel wafunsa chachitika n'chiyani. Ndati mpira. Akuti mapensulo akuonekera m'thumba.

Shati yakana kuyera. Msuzi wodikiriridwa tsiku lonse suchoka ndi sopo wamba.

Masana Tadala watumiza uthenga: amayi akufunsa kuti akuchimuna abwera angati. Iye akuganiza kuti akufunsa za mipando. Ine ndamva bwino lomwe. Nkhaniyi yasanduka chifunsiro, ndipo munthu supita kokafunsira wekha ngati nkhuku yosochera. Pafunika nkhoswe.

Amalume anga ali ku Linthipe. A ku ofesi ya maviza ku Croydon komweko sangamvetse kuti munthu akufunika abwere mawa lomweli kudzakhala pansi n'kumawomba m'manja.

Ndayang'ana pa sofa.

"Nizankhala malume wako, mudala. Suti nili nayo. Vakudya ni va mahala?"

Malamulo a Mulenga:
- osamwa mowa
- osayambitsa za mpira wa Malawi ndi Zambia
- osanditchula mudala
- akafunsidwa chifukwa chake Chichewa chake chili chotere, anene kuti anakulira ku Mchinji, kumalire

Ndili ndi mantha, ndisabise. Tadala ndi munthu yekhayo m'dziko lozizirali amene ndikamuuza kuti ndatopa amafunsa kuti ndi chiyani, n'kudikira yankho. Mayi ake akapukusa mutu mawa, ndibwerera ku mashifiti ndi sofa ya Mulenga, ndipo sindikudziwa kuti Lamulungu ndizidzaliyamba bwanji.

Ndabwereka shati ya Mulenga. Manja ake ndi aatali, ndawapinda.

Loweruka, 17 Malichi

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndimvetsa.

Takumana pakhomo dzuwa lisanalowe. Ine ndimayembekezera mayi wa wigi ndi magalasi a unyolo. Afika mayi amfupi, a duku, chitenje pamwamba pa chikhoti. Ndatambasula dzanja ndi "Good evening" yemwe ndamuyeserera pagalasi. Iwo ayang'ana pansi, awomba m'manja pang'ono cha kumbali, n'kuuza Mulenga: "Afunseni ngati ayenda bwino." Ine ndili pomwepo, dzanja lili m'malere.

Talowa. Antchito akuwa. A Phiri akweza dzanja: "Zikomo, zikomo, khalani pansi."

Nsapato tavula. Bondo la a Phiri talilowetsa pansi pa tebulo anthu awiri. Woperekera zakudya wandikhazika moyang'anizana ndi aNaphiri, iwo atembenukira kukhoma. Ndaganiza kuti akusirira chithunzi cha nsomba chomwe chili pamenepo.

Ndaitanitsa zonse pamtima, osaphonya dzina. Palibe wazindikira, poti a Phiri amafunsa Mulenga za mvula ya ku Mchinji.

Soya wabwera. "Tipemphere." A Phiri apempherera chakudya, ulendo, odwala, Mfumukazi, ndi dziko la Malawi chigawo ndi chigawo. Amen. Kabwera kambale ka tisamusa. A Phiri akayang'anitsitsa. "Aka panalibe." Tipemphere. Tadala wanong'oneza kuti pemphero loyamba lija lakwanira zonse. Amalume akuti munthu sungadalitse chimene sunachione. Ku izakaya timbale timabwera kamodzikamodzi. Chilichonse tachidya chitazizira, ndipo kangapo Amen wathu wakumana ndi kuwomba kwa matambula kuseri kwa khoma.

Kenako nthutumba, zinayi pa kamtengo kamodzi. Kwathu nkhuku ili ndi imodzi basi, ndipo imapita kwa mlendo wolemekezeka. A Phiri aziwerenga, andiyang'ana, maso awo anyowa. "Nkhuku zonsezi chifukwa cha ife?" Mulenga, osaphethira: "Mwana wathu sachita vinthu ving'ono." Apa ndaona ngati ndapambana.

Ramen wafika, nthunzi tolotolo. Pemphero. Amen. Nthawi yanga yakwana. Ndagwira timitengo bwinobwino, ndanyamula zingwe, ndatsegula pakamwa, ndakonzeka ndi phokoso lothokoza wophika. Ndipamene ndaona kuti aNaphiri sanakhudze kanthu chikhalireni pansi. Manja ali pamiyendo, nkhope kukhoma, ramen wawo akufufuma m'mbale.

Zandifikira ngati madzi ozizira. Mkamwini sadya pamaso pa apongozi. Apongozi sadya mkamwini akuona. Ndipo ine ndakhala ndikufinyira soya pakamwa, kutsogolo kwawo, n'kumaseka pang'onopang'ono ngati munthu wozolowera.

Ku Linthipe zimenezi tinayamba kale kuzisiya. Mlamu wanga amaonera mpira ndi mayi anga, akutapa chimanga chokazinga m'mbale imodzi. Koma awa anachoka ndi mwambo wa nthawi yawo n'kuusunga mufiriji zaka makumi atatu, sunaonongeke ngakhale pang'ono.

Zingwe zatsetserekera mu msuzi zokha. Ndaika timitengo pansi. Sakudyabe. Ndayang'ana kumbali. Sakudyabe. Ndauza Mulenga kuti awauze kuti ndikaone kaye kunja, ndadzuka, ndatuluka chammbuyo mawondo ali opinda, n'kukaima pakakhonde pomwe pali nsapato.

Pa mpata wa nsalu ndikuona zonse. ANaphiri atembenuka. Atola timitengo ngati singano zolukira zomwe akhala nazo kuyambira utsikana. Akoka zingwe ndi phokoso loposa la bambo wa tayi uja. Akodola woperekera n'kuitanitsa kambale kena, dzina lake sindinalimvepo, osayang'ana papepala.

Mulenga wakokera mbale yanga kwa iye. "Vingaonongeke." Patapita kanthawi pafika kabotolo kadothi kotentha, ndipo ndamumva akuuza a Phiri kuti ndi thobwa la ku Japan, la mpunga. Alipempherera. Mapemphero otsatira afupika kwambiri.

Mzungu wina polowa wandipatsa chikhoti chake. Ndachipachika.

Tadala watuluka nkhope ili gwa. "What are you doing?" Ndati ulemu. Akuti sabata yonse ndakhala ndikumuuza kuti ndine munthu wamakono, ndiye pano ndikulondera nsapato za amalume ake? Wabwerera m'kati osadikira yankho.

Kulipira ndalipira ine, ndili m'sokosi zatsopano zija. Potsanzikana aNaphiri auza Mulenga kuti andiuze kuti ndiyende bwino. Pa siteshoni ndagula tchipisi tozizira. Mulenga akuimba nyimbo za kwaya mu sitima. Tadala sakuyankha foni.

Ndikuona kuti zatha.

Lamulungu, 18 Malichi

Uthenga m'mawa, wouma: "Mum says come after church."

Lero kuno ndi tsiku la amayi, ndiye ndagula maluwa, kuti ngati n'kukanidwa ndikanidwe ndili ndi kanthu m'manja. Sitima, sitima ina, kenako tramu, kasitima koyenda mumsewu. Pakhomo anditsegulira a Phiri, maso ofiira pang'ono. Maluwa alandira iwo kuti akapereke, ine andidutsitsa pakhonde mpaka kukhitchini.

"Mlongo wanga sanagone ndi chimwemwe," atero. "Akuti anyamata a masiku ano amakuyang'ana m'maso ngati apolisi. Poyamba paja munatayirira pang'ono, koma taona kuti inali njala. Koma kusiya chakudya chotentha, n'kukaima kunja ngati mmene ankachitira malemu bambo ake a Tadala! Akuti mwana ameneyu analeredwa. Tavomera."

Ndasangalala kwambiri, moti ndawomba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira, ndipo sindinachite manyazi.

Kenako chakudya. Changa chabwera kukhitchini konkuno: mpunga ndi nkhuku, mbale yovundikira ndi inzake, beseni la madzi osamba m'manja. Mpando wanga ndi kasitulu pakati pa firiji ndi makina ochapira. Chitseko atseka bwinobwino.

Kuchipinda chodyera ndikumva mafoloko, kuseka, ndi mawu a Graham. Akutchula apongozi dzina lawo loyamba. "Esnart, this is lovely." Akupempha msuzi wina, iwo akumuthirira, akuseka naye. Ndafunsa a Phiri atabwera kudzatenga madzi. "Uja ndi mzungu, sadziwa kanthu. Tinamukhululukira." Ndiye kuti zaka zonsezi mayi ameneyu analibe munthu womuthawa, ndipo Mulungu wamva kulira kwake.

Ndafunsa kuti zimenezi zidzatha liti. Akuti kale zinkafewa mwana woyamba akabadwa. "Koma mlongo wangayu wadikira nthawi yaitali. Musamufulumize."

Tadala walowa ndi mbale zakuda, wandiona pa kasitulu, wayesetsa kukhala wokwiya, zamukanika. Waseka mpaka kukhala pansi, msana uli pa makina ochapira. Kenako watola chiwindi m'mbale mwanga n'kutuluka akupukuta misozi. Ndiye kuti ukwati ulipo.

Nditamaliza kudya, a Phiri andikodolera ku khomo la kuseri. Akuti mlongo wawo ali ndi kamunda kobwereka ku khonsolo, kuseri kwa njanji ya tramu. Graham anayesako chaka chatha, msana unamugwira tsiku loyamba. Pano nthaka yafewa, maungu ndi mpiru zikufunika kulowa mwezi wamawa. Loweruka likubwerali, m'mawa, mame asanaume. Apisa dzanja kuseri kwa chitseko n'kutulutsa khasu, lenileni la kwathu, lomwe wina wake anabwera nalo m'sutikesi.

Walira mvula walira matope.

Ndalilandira ndi manja awiri. Mpini wake ndi wosalala, wolemera bwino, ndipo manja anga opusawa aukumbukira nthawi yomweyo.